Funso: kulumikiza wailesi, nyale ndi hutala pa kagalimoto ka gofu ka 48V

Wofunsa:
Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa odziwa zamagetsi. Pali kagalimoto ka gofu ka Club Car Precedent, koyendera mabatire 6 a 8V, onse pamodzi 48V. Ndikufuna kuikamo wailesi ya galimoto ya Bluetooth, masipika awiri, nyale za LED kutsogolo, zofiira kumbuyo, hutala ndi potchajira foni. Zonsezi ndi za 12V. Wina wandiuza kuti ndingotenga moto pa mabatire awiri oyandikana, negetivi ndimange pa chasisi, basi zatha. Kodi n'zoona? Ngati ayi, ndigule chiyani, mawaya akhale aakulu bwanji, ndipo ndiyambire pati?

Wa magetsi a galimoto:
Achimwene, musayerekeze. Mabatire awiri a 8V ndi 16V, ndipo chaja ikakhala ikugwira ntchito awiriwo amakwera mpaka cha m'ma 20V. Wailesi ya galimoto inapangidwira moto wa pakati pa 12 ndi 14.4V, ndiye ipsa. Mukatenga batire limodzi lokha, 8V ndi yochepa, izingozima. Ngakhale pa EZGO TXT ya 36V, pomwe mabatire awiri a 6V amapereka 12V yeniyeni, njira imeneyi ndi yowononga. Chaja imaona mabatire onse ngati chinthu chimodzi. Awiri amene mukukamawo amatsala osadzaza, anzake amadzazidwa mopitirira n'kumamwa madzi, ndipo awiri aja akafooka amakokera pansi gulu lonse. Mabatire amenewa si otchipa.

Gulani voltage reducer, ena amati converter, yotsitsa 48V kufika 12V. Imamangidwa pa pozitivi wamkulu ndi negetivi wamkulu, kumapeto awiri a gulu lonse la mabatire, choncho mabatire onse 6 amatha mofanana. Tiwerengere katundu wanu: wailesi tiipatse 10A, nyale zonse za LED 4A, hutala 5A, potchajira foni 3A. Zikukwana 22A. Ya 20A ikhala yothina, tengani ya 30A. Muonenso kuti palembedwa kuti imalandira moto wopitirira 60V, chifukwa mabatire a 48V akadzaza amakhala pa 50.9V, ndipo potchaja amafika m'ma 60.

Makaniko wa ngolo za gofu:
Za chasisi zija ndi zimene zandiopsa kwambiri. Pa galimoto wamba thupi lonse ndi negetivi, koma pa kagalimoto ka gofu kamagetsi felemu inasiyidwa dala yopanda moto uliwonse. Mukaimanga ku negetivi, waya wa pozitivi akangosupuka n'kukhudza felemu, kapena sipanala ikagunda mutu wa batire ndi felemu nthawi imodzi, mabatire onse amatulutsira mphamvu zawo pamenepo. Mutu wa batire umasungunuka, ndipo controller, kabokosi kolamulira moto wopita ku mota, ikhoza kupsa. Chipangizo chilichonse chikhale ndi mawaya ake awiri, wopita ndi wobwerera.

Chimene ambiri saona n'chakuti chitsulo chokuta wailesi n'cholumikizana ndi waya wake wakuda. Mukaimanga ndi bawuti pa chitsulo cha felemu mwailumikiza kale ku negetivi osadziwa. Tsinde la eriyo n'chimodzimodzi. Mangani zonsezi pa pulasitiki.

Kagwiridwe kake ndi aka. Zimitsani kiyi, tukulani mpando, swichi ya Tow/Run muiike pa Tow. Musadumphe pamenepa, ndi pamene pamateteza controller. Kenako masulani negetivi wamkulu. Vulani wotchi ndi mphete, ndipo sipanala muikulunge ndi tepi kusiya kukamwa kokha. Reducer muimange pouma, podutsa mphepo, osati pamwamba pa mabatire, chifukwa nthunzi ya asidi imadya mawaya ndipo mpweya umene mabatire amatulutsa potchaja umayaka ndi kamoto kakang'ono. Waya wolowa akhale wa 2.5 mm², ndi fuyuzi ya 15A pasanathe masentimita 20 kuchokera pa pozitivi wamkulu. Wotuluka akhale wa 6 mm², apite ku bokosi la mafuyuzi la njira 6 lokhala ndi mzere wake wa negetivi, pansi pa dashibodi. Kuchokera pamenepo 1.5 mm² ndi wokwanira: wailesi 10A, nyale 5A, hutala 10A, foni 5A. Pobweza, negetivi wamkulu amangidwe pomaliza, manati a mabatire pafupifupi 11 Nm, kenako swichi pa Run.

Wa magetsi a galimoto:
Ndiwonjezere pa fuyuzi yolowera ija, madala. Mafuyuzi a galimoto amene timagula paliponse ndi a 32V. Pa 48V kachitsulo kam'kati kakhoza kuduka koma moto n'kumalumphabe pakampatako. Funani yolembedwa 80V. Za kumbali ya 12V zokha ndi zimene mungaike zawamba. Fuyuziyo muilowetse ntchito yonse itatha. Ikathetheka pang'ono polowetsa musadabwe, ndi ma capacitor, tizipangizo tosunga moto mu reducer, akudzaza.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri mabwana, zikumveka. Nanga wailesi ili ndi waya wachikasu, wofiira ndi wakuda. Wofiirayo ndingamange ku kiyi kuti izizima ndikazimitsa?

Wokonza mawailesi:
Ayi, molunjika ayi. Pa kiyi wa Precedent pamadutsa 48V, osati 12V, ndiye waya wofiira akangofika pamenepo wailesi yatha. Wachikasu ndi wa moto wokhazikika, ndiye amanyamula mphamvu yambiri ndi kusunga masiteshoni. Wofiira amangouza wailesi kuti idzuke. Wakuda apite ku mzere wa negetivi wa bokosi la mafuyuzi.

Chopita ku kiyi ndi waya wa trigger, woyatsa ndi kuzimitsa reducer, ngati mwagula ya mawaya asanu. Pezani mbali yoyenera ndi multimeter: waya wakuda wa mita pa negetivi wamkulu, wofiira pa miyendo ya kiyi. Mwendo umene ukuonetsa 0 kiyi atazima ndi pafupifupi 50V atayatsa, ndi umenewo. Vuto lake ndi limodzi. Reducer ikazima, wachikasu amasowanso moto, ndiye wailesi imaiwala masiteshoni ndi nthawi. Ma reducer ena ali ndi waya wina wowonda wa 12V wosazima wosungira zimenezi, funsani pogula. Apo ayi, siyani reducer iyake nthawi zonse, muike relay (swichi yoyatsidwa ndi magetsi) ya koilo ya 48V yoyatsidwa ndi kiyi, izidula waya wofiira ndi nyale.

Makaniko wa ngolo za gofu:
Pomalizapo sindikugwirizana nanu, achimwene. Reducer yosazima imamwa moto pang'onopang'ono ngakhale zonse zitazima. Kagalimoto koyenda ndi kutchajidwa tsiku lililonse sikangamve kanthu, koma kakaima milungu ingapo mudzapeza mabatire ali pansi, ndipo chaja zambiri sizidzuka ngati moto watsika kwambiri. Kwa ine bola kutaya masiteshoni. Mangani wachikasu ndi wofiira pamodzi pa fuyuzi ya 10A, trigger ku kiyi, kapena mugule wailesi ya m'boti, zambiri mwa izo zimasunga masiteshoni popanda moto komanso sizichita mantha ndi mvula.

Wokonza mawailesi:
Ngati kamaima nthawi yaitali, mwanena zoona. Amene asankha relay aike swichi yodula pozitivi wolowa mu reducer, n'kumaizimitsa akamasunga kagalimotoko.

Za masipika: a mainchesi 6.5, a 4 ohm, osalowa madzi. Mawaya oyera a wailesi ndi a sipika ya kumanzere, otuwa ya kumanja, ndipo wa mzere wakuda pa awiri aliwonse ndiye negetivi wa sipika. Obiriwira ndi apepo ndi akumbuyo, tsekani nsonga ya aliyense payekha. Negetivi wa sipika asakhudzane ndi negetivi wa 12V, amplifier ya m'kati imapsa. Mukamva kulira kokwera pamodzi ndi liwiro, ndiye kuti mawaya a wailesi ayenda moyandikana ndi zingwe zazikulu za mota. Asiyanitseni, reducer ikhale kutali ndi eriyo, ndipo muveke mphete ya ferrite, yochepetsa kulira kotereku, pa mawaya a moto pafupi ndi wailesi. Denga ndi lapulasitiki, choncho eriyo ya galimoto siikoka bwino FM. Ya m'boti ndiyo yabwino.

Makaniko wa ngolo za gofu:
Onaninso chaka chake. Ma Precedent akale, asanasinthe chaja cha m'ma 2014, ali ndi OBC, kabokosi komwe waya wamkulu wa negetivi amadutsamo. Ntchito yake ndi kuwerenga moto wotuluka kuti chaja ibweze wokwanira. Pa amenewa negetivi wa reducer mumange pa B- ya controller, pomwe waya wamkulu wa negetivi amafikira atadutsa mu OBC, kuti moto wa wailesi ndi nyale uziwerengedwa nawo.

Musanatseke mpando, yezani pakati pa felemu ndi pozitivi wamkulu, kenako felemu ndi negetivi wamkulu. Mukaona pafupifupi 50V yokhazikika, pali waya kapena bawuti imene yakhudza felemu, masulani mawaya onse awiri a zipangizo, chimodzichimodzi, mpaka muipeze. Mukaona timavolti tochepa tosinthasintha, kawirikawiri ndi chinyezi cha asidi pamwamba pa mabatire. Tsukani ndi madzi osakaniza soda, zotsekera zili zomanga kuti asalowe m'kati, muumitse, muyezenso.

Wofunsa:
Kameneka ndi ka 2011 ndipo kabokosiko kalipo. Ndiye negetivi ipita pa B-, trigger ku kiyi. Kwatsala n'kupeza fuyuzi ya 80V. Amene akudziwa mtundu wa sitolo zimene zimagulitsa andiuzeko.

Wa magetsi a galimoto:
Yesani ogulitsa zipangizo za sola ndi ogulitsa zida za ma forklift. Ikasowa, DC breaker ya sola ya 16A igwira ntchito yomweyo, bola ikhale yolembedwa DC ya 80V kapena kuposa, ndipo muimange motsata zizindikiro za + ndi - ngati zilipo.