Nyani akusowa pa zithunzi zanga, thandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, ndine wa ku Ulongue. Mwezi watha ndinaperekeza mwana wa achemwali kusukulu ku Maputo. Ndalama ya basi alamu mpaka lero sanabweze, foni sakuyankhanso, koma izo tizisiye. Ndinalowa ku Jardim Zoológico, kumalo osungirako nyama zakutchire, n'kujambula ana akuonerera anyani, zithunzi zakuda ndi zoyera. Ana akuoneka bwino, koma nyani ndi mdima wokhawokha, ukuwala ndi waya basi. Mayi a kunyumba akuti ndinangotaya ndalama. Mu Disembala ndipitanso. Nditani?

aNgozo: Ndalama ya feteleza kukathera nyani wa ku Maputo? Bwerani ku Tsangano kuno, akutithera chimanga, mudzajambula ulere!

Nabanda: Achimwene, mumajambulira foni kapena kamera?

aNgozo: Komanso zakuda ndi zoyerazo ndi za pa chiphaso cha agogo. Foni yamakono mukuibweza m'nthawi ya atsamunda.

Mphunzitsi wa ku Zóbuè: Ayi aNgozo. Ricardo Rangel, uja anamwalira mu 2009, anatchuka ndi zithunzi zotere za m'misewu ya Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo. Mitundu ikachoka, maso amapita pankhope.

aNgozo: Iyeyo ankalandira malipiro kunyuzipepala. Awa akuwalipira ndani, nyani?

Tio wa ku Moatize: Ine ndinajambula mbuzi pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, mwini wake anandigwira malaya kuti ndikufuna kudzaba usiku. Ndinapulumuka ndi 200 meticais. Anawo makolo awo munawapempha? Mudzamenyedwa kwa eni.

Nabanda: Nyani amakhala pamthunzi, ana ali padzuwa, ndiye makina amayeza kuwala pa anawo. Ngati ndi foni, dinani pa nyani musanajambule. Mukafuna nyani yekha, yandikizani galasi la kamera pawaya iye ali chapatali, wayayo sudzaoneka. Pitani m'mawa, dzuwa la masana limadetsa mithunzi. Jambulani ndi mitundu, kuchotsa mudzachotsa kunyumba.

Mayi Sofia: Nkhani yeniyeni apa ndi alamuwo. Anga anatenga njinga yamoto, inabwera yopanda matayala.

aNgozo: Mwaona? Yambani mwatolera ngongole.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamuwo akuti adikire agulitse mbatata.

Nabanda: Achimwene, foni kapena kamera?

aNgozo: Mbatata chaka chino ilibe mtengo, iwalani.