Chikwangwani cha kanyumba kathu kopereka makhololo: tilembepo Koch kapena ayi?

Wapampando: Akuluakulu nonse, akumudzi ndi akunja, moni. Kanyumba kathu kaja katha. Malata akhomedwa, pulasitala wauma, mabenchi afika dzana. Posachedwapa munthu wotsokomola azipereka makhololo oyezera chifuwa chachikulu (TB) pomwepo, osalipiranso kabaza mpaka kuboma. Chatsala ndi chikwangwani. Achemwali athu a ku Leeds ku England, amene anatsogolera zopereka za anzathu akunja, apempha kuti tilembepo dzina la Koch. Mu komiti sitinamvane, ndiye nkhaniyi taibweretsa pano. Lankhulani momasuka, koma mwaulemu.

Namwino wa ku Leeds: Zikomo apampando. Sindikupempha chifukwa cha ndalama zomwe tinatumiza ayi, zimenezo ndi za mudzi. Ndikupempha chifukwa ntchito yonse imene ichitike m'kanyumbako inayambira kwa munthu ameneyu. Robert Koch anali dokotala wa ku Germany, wobadwira ku Clausthal, tauni ya migodi, mu 1843. Pa 24 March 1882 anaima pamaso pa madokotala anzake ku Berlin n'kuwaonetsa kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu. Nthawi imeneyo ambiri ankati matendawa ndi akumtundu, monga mmene ena kwathu amanenerabe kuti munthu wamulodza kapena wadya mchere wa munthu wosayenera. Iye anapaka kachilomboko utoto kuti kaoneke pa maikulosikopu, anakalera pakokha kunja kwa thupi, n'kukabaya nyama zamoyo, nyamazo n'kudwala chifuwa chomwecho. Mkangano unayamba kutha pamenepo. N'chifukwa chake dziko lonse limakumbukira TB pa 24 March, ndipo mu 1905 anamupatsa mphoto ya Nobel. Mpaka lero madokotala ena akafuna kutchula TB pamaso pa wodwala mosamuopseza amangoti "Koch's". Ndikufuna mwana wa sukulu akamadutsa afunse kuti Koch ndi ndani, aphunzitsi ake amuyankhe, mwina mmodzi adzalakelake kugwira ntchito mu labu.

Amalume a ku Joni: Mdzukulu wanga, ndakumva. Koma Kochiyo ndi dzina la munthu mmodzi kapena ndi mfunda ngati Phiri? Kuno ku Joni a Kock ndi a Kok ndawaona ambiri.

Aphunzitsi opuma: Funso la amalume ndi lofunika kuposa mmene likuonekera. Koch m'Chijeremani ndi wophika, khukhi basi. Mawuwa anawatenga ku Chilatini, coquus, komwenso kunachokera Cook wa Angerezi ndi Kok wa Adatchi amene amalume akumuona ku Joni. Kale Ajeremani ankangokhala ndi dzina limodzi. Cha m'ma 1100 ndi 1200 matauni atayamba kudzaza, a Heinrich ndi a Johann anachuluka mumsewu umodzi, moti wolemba msonkho ankasowa kuti Heinrich wake ndi uti. Anayamba kuwonjezera ntchito ya munthu, kapena mudzi umene anachokera, kapena maonekedwe ake. Wa chigayo anakhala Müller, wosula zitsulo Schmidt, telala Schneider, msodzi Fischer, wowomba nsalu Weber, mlimi Bauer. Wophikira amonke, kapena kunyumba ya mfumu, kapena wogulitsa chakudya chophikaphika pamsika, anakhala Koch. Kenaka dzinalo linakakamira kwa ana ndi adzukulu amene sanagwirepo mthiko. Bambo ake a Robert Koch yemweyo anali katswiri wa za migodi.

Ndiye mvetsani apa. Ife Phiri akakumana ndi Phiri mnzake ku Mchinji kapena ku Chipata amati mbale wanga, amayamba kufufuza kumene makolo anapatukirana. Kwa iwo si choncho. Tauni iliyonse inali ndi wophika wake, motero ma Koch anaphuka m'malo ambirimbiri osadziwana, ndipo lero ndi limodzi mwa maina ofala kwambiri ku Germany. Tikangolemba "Koch" pakhoma, sitinatchule munthu aliyense.

Mnyamata wa ku Mpira Komiti: Zoonadi aphunzitsi. Ine Koch amene ndimamudziwa ndi Robin Koch, difenda uja anali ku Leeds United kenaka n'kupita ku Eintracht Frankfurt. Palinso mayi wina, Marita Koch wa ku East Germany, anathamanga mamita 400 m'masekondi 47.60 ku Canberra mu 1985, ndipo mpaka pano palibe mkazi amene waphwanya rekodi imeneyo.

Aphunzitsi opuma: Onjezanipo Ed Koch, meya wa New York kuyambira 1978 mpaka 1989, ndi Christina Koch wa ku America amene anakhala m'mlengalenga masiku 328 ulendo umodzi. Onsewo palibe chibale.

Wophunzira wa ku Zomba: Makolo anga, mundikhululukire, ine ndikutsutsa, ndipo zifukwa ndili nazo ziwiri. Choyamba n'chopepuka: dzinali lilinso ndi anthu oipa kwambiri. Karl-Otto Koch anali mkulu wa msasa wozunzirako anthu wa Buchenwald nthawi ya Hitler, ndipo mkazi wake Ilse Koch anamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 1951 chifukwa cha nkhanza zimene ankachitira akaidi. Erich Koch analamulira Ukraine m'dzina la chipani cha Nazi n'kukafera kundende ya ku Poland mu 1986. Izi ndikudziwa kuti tingazithetse pongolemba dzina lonse, Robert Koch.

Chachiwiri ndi chimene chikundisowetsa tulo, chifukwa chikukhudza Robert mwiniwakeyo. Mu 1906 ndi 1907 anali pa zilumba za Ssese pa nyanja ya Victoria, kumene matenda a kaodzera ankapha anthu ngati ntchentche. Ankawabaya mankhwala otchedwa atoxyl, okhala ndi poizoni wa arsenic. Anawonjezera mlingo kuti aone chimene chichitike, ndipo ena mwa odwalawo anachita khungu losachiritsika. Anthu amenewo anali asodzi ndi alimi ngati agogo athu. Anali m'manja mwa atsamunda, ndipo zimene zinachitidwa pa matupi awo sakanaloledwa kuzichita mwanjira imeneyo pa anthu a ku Berlin. Analimbikitsanso zoti odwala azisonkhanitsidwa m'misasa, kutali ndi abale awo. Kaodzera si nkhani yachilendo kwa ife, ku Nkhotakota ndi ku Rumphi alipo mpaka lero. Kodi tingatenge dzina la munthu amene anayesera mankhwala pa odwala akuda n'kulikhoma pakhomo pamene tikupempha odwala athu kuti atikhulupirire?

Namwino wa ku Leeds: Achimwene, zonse mwanenazo n'zoona, sindikana ngakhale chimodzi. Ndiwonjezeranso china: mu 1890 analengeza kuti wapeza mankhwala ochiza TB otchedwa tuberculin, anthu anakhamukira ku Berlin, mankhwalawo sanachize ndipo ena anamwalira nawo. Lero tuberculin timangoyezera pakhungu. Katemera wa BCG amene anatisiyira chipsera pamkono anapangidwa ndi Afalansa awiri, Calmette ndi Guérin, mu 1921, ndipo mankhwala oyamba ochizadi, streptomycin, anabwera m'ma 1940, Koch atamwalira kalekale mu 1910. Koma onsewa anadziwa mdani woti alimbane naye chifukwa wina anali atamuloza kale. Ine ndimapatsa anthu mapiritsi amenewa, ndimawaona akuwonjezera thupi mwezi wachiwiri. Sindingayerekeze ngati munthuyo sanachite kanthu. Kodi sitingamulemekeze pa chabwino n'kunena poyera choipacho?

Wophunzira wa ku Zomba: Chikwangwani cha pakhomo sichifotokoza, achemwali. Chimangolemekeza.

Amalume a ku Joni: Ine zasukulu sindizidziwa, ndingonena zomwe maso anga anaona. Amuna a m'mudzi mwathu amene anapita ku Wenela ankabwera ndi sutikesi, njinga ndi wailesi, komanso ndi chifuwa. Fumbi la pansi pa mgodi linali litadya mapapu, TB n'kungolowa pokonzakonza. Chaka chimodzi, ziwiri, tikukumba manda, kenaka mkazi wake nayenso wayamba kutsokomola. Manda amenewo ali kuseri kwa kanyumba kathu komweko. Ngati pali ofunika kuwakumbukira pakhomopo, kwa ine ndi amenewo. Mzungu wanuyo ali kale ndi likulu lalikulu la zaumoyo lotchedwa dzina lake ku Berlin, si mwatero inu nomwe tsiku lija? Atate athu alibe ndi mwala womwe.

Mlangizi wa zaumoyo: Ndalowa mochedwa, ndinali kusikelo. Ndiloleni ndilankhule ngati munthu amene ndizikhala m'kanyumbako. Vuto langa si Koch, si Wenela. Vuto langa ndi mayi amene watsokomola milungu itatu, akutuluka thukuta usiku, zovala zayamba kumukhwepa, koma akuopa kuti akamuona akulowa pakhomo lolembedwa TB ndi zilembo zikuluzikulu anthu ayamba kunong'ona kuti ali ndi kachilombo kaja ka Edzi. Ambiri amachedwa chifukwa cha manyazi, osati mtunda wokha. Dzina lachilendo liwonjezera mphekesera. Mukukumbukira mmene zinavutira nthawi ya katemera wa korona, anthu akuti azungu akufuna kutimaliza. Tsiku limene wina adzawerenge pa foni za khungu la ku Ssese n'kuzifalitsa pa WhatsApp popanda mutu wake, mabotolo anga a makhololo adzakhala opanda kanthu miyezi. Pakhomo palembedwe zimene munthu wodwala akufuna kudziwa: masiku otsegula, kuti kuyezetsa n'kwaulere, kuti mankhwala ndi aulere, ndiponso kuti chifuwachi chimachizika ukamwa mankhwala miyezi 6 osadukiza.

Mayi a komiti ya amayi: Alangizi anena zamumtima mwanga. Ife tinatunga madzi ndi kusenza mchenga pa kanyumbako, ndipo palibe mmodzi wa ife angatchule dzinalo bwinobwino. Koma achemwali a ku Leeds musakhumudwe, zimene mwafotokoza zoti si ufiti, ndi kachilombo kooneka ndi makina, ndikufuna apongozi anga azimve. Zimenezo zisatayike.

Aphunzitsi opuma: Ndiye bwanji tigawe pawiri? Kunja kulembedwe za alangizi. Mkati, pakhoma loyang'anizana ndi mabenchi, tiike bolodi la mbiri m'Chichewa. Likhale ndi dzina lonse, Robert Koch, 1843 mpaka 1910, zimene anapeza mu 1882, ndi zimene anachita ku Ssese, mosabisa. Pansi pake maina a amuna a ku migodi, ngati mabanja awo avomera. Munthu akudikira botolo lake ali ndi nthawi yowerenga ndime yonse, ndipo alangizi ali pomwepo kuti ayankhe mafunso.

Namwino wa ku Leeds: Mtima wanga ukufunabe dzinalo panja, sindinama. Koma amene azikumana ndi odwala tsiku ndi tsiku ndi alangizi, ine ndili kutali. Ndivomera bolodi la mkati ngati mawu a 1882 akhale omveka bwino, osati kamzere kamodzi kophimbidwa ndi zoipa zokhazokha.

Wophunzira wa ku Zomba: Ndipo ine ndivomera ngati za ku Ssese zilembedwe ndi zilembo zofanana kukula ndi zinazo.

Amalume a ku Joni: Maina a ku migodi ndiwatolera ine, ndiyambira kwa amfumu. Mabanja ena sadzafuna kuti zidziwike kuti bambo awo anafa ndi chifuwa, amenewo tisawakakamize.

Msungichuma: Ndalama yotsala ikwanira chikwangwani chakunja chokha. Bolodi lamkati lifunika kusonkhanso pang'ono, ndipo wolemba zikwangwani akufuna mawu onse asanatchule mtengo.

Wapampando: Zamveka. Aphunzitsi, achemwali a ku Leeds ndi mwana wathu wa ku Zomba, lembani mawu a bolodilo limodzi, muwaike pano Lachisanu kuti aliyense awerenge tisanapereke kwa wolemba. Alangizi, titumizireni masiku otsegula ndipo mufunse akuluakulu akuchipatala ngati angadzatitsegulire kanyumbaka pa 24 March. Amene akutsutsabe kugawa pawiriku alembe pano pasanafike Lachitatu madzulo.