Nkhani za zokonzekera za Alabama ndingazipeze kuti?

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu otsata mpira wa makoleji ku America, wogwira ndi manja uja. Ndimasapota timu ya Alabama Crimson Tide ya mumzinda wa Tuscaloosa, ndipo zokonzekera za Marichi ndi Epulo zayamba. NCAA, bungwe loyendetsa masewera a makoleji, imalola masiku 15 okha a zokonzekerazi, ndiye amene amatiuza osewera amene akuwala, makamaka pa quarterback (wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera anzake poukira), ndi atolankhani a nyuzipepala za komweko.

Vuto ndi lakuti nyuzipepala imene ndimadalira tsopano ikufuna ndalama, koma khadi langa la kubanki likukanidwa. Masamba akuluakulu a zamasewera amangolemba zapamwambamwamba. Pa YouTube ndikungopezapo zoyankhula za kochi Kalen DeBoer, ndipo mukudziwa makochi saulula zambiri.

Alipo akudziwa mtolankhani wa ku Tuscaloosa amene amalemba zaulere, kapena njira ina yolipirira, isanafike A-Day, tsiku limene masapota amakaonera timuyi kumapeto kwa zokonzekerazi?