Kodi ana a pulayimale ndingawaphunzitse bwanji kuti mitengo imaziziritsa tauni?

Mphunzitsi wa ku Area 25, Lilongwe:

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa sitandade 5, ndipo ndikufuna kuti ana amvetse chifukwa chimene malo okhala ndi mitengo ndi udzu amazizirira kusiyana ndi malo a phula ndi simenti. Anawa amadziwa kale kuti pamthunzi pamazizira, popeza nthawi yopuma onse amathamangira pansi pa mtengo wa mango, koma ndikawafunsa chifukwa chake, yankho lawo limangothera pakuti pamenepo palibe dzuwa. Sukulu yathu ilibe zipangizo za sayansi. Ndingayambire pati?

Mphunzitsi wopuma, Zomba:

Aphunzitsi, phunziro limeneli musaliyambire pabolodi. Atulutseni anawo masana m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo aliyense agunde ndi chikhatho simenti ya pakhonde, dothi la pabwalo, udzu, komanso nthaka ya pansi pa mango, kenaka asanje okha malowo kuyambira otentha kwambiri.

Chachiwiri ndicho chofunika koposa, chifukwa chimaonetsa kuti mtengo umachita zambiri kuposa kutchinga dzuwa. M'mawa mangani jumbo yoonekera mkati kunsonga ya nthambi ya masamba ambiri imene ili padzuwa, ndipo ina muimange kunthambi youma. Pofika nthawi yoweruka, yoyambayo idzakhala itachita timadontho ta madzi, pamene inayo idzakhala youma. Apo mudzawafotokozere kuti mizu imakoka madzi pansi, masamba n'kumawatulutsa ngati nthunzi kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi akamauluka chotero amatenga kutentha kwa mpweya wozungulira, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. N'chifukwa chake mthunzi wa mtengo ndi wosiyana ndi wa malata, ngakhale yonse iwiri imatchinga dzuwa.

Kholo la ku Ndirande, Blantyre:

Ine sindine mphunzitsi, koma ndikupempha kuti musaiwale za usiku. Phula, njerwa ndi simenti zimasunga kutentha masana onse n'kumakutulutsa dzuwa litalowa, ndipo ana okhala m'malo othithikana nyumba amazidziwa bwino zimenezi, chifukwa amalephera kugona m'chilimwe. Muwatume akafunse achikulire kunyumba mmene dera lawo linkaonekera kale. Kuno aliyense wamkulu adzawauza kuti phiri la Ndirande linali ndi nkhalango, pamene lero latsala mbee. Kwanu ku Lilongwe anawo angathe kuyerekeza mpweya wa m'nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndi wa kudepoti ya mabasi, ndiponso mungakambirane nawo za mitengo imene inadulidwa mu 2021 pokulitsa msewu wa Kenyatta.

Wokonda zachilengedwe, Mzuzu:

Ndikugwirizana ndi onse awiri, komabe ndili ndi nkhawa imodzi. Maphunziro otere kawirikawiri amathera pa mwambo wodzala mitengo m'nyengo ya pakati pa 15 Disembala ndi 15 Epulo, kenaka mbandezo zimauma m'chilimwe kapena kudyedwa ndi mbuzi chifukwa palibe wozisamala. Ndi bwino kudzala mitengo yochepa, monga mbawa kapena mango, gulu lililonse la ana likhale ndi wake woutchingira mpanda ndi kuuthirira, mpaka adzausiyire kalasi yobwera pambuyo pawo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limathandiza makalabu a zachilengedwe m'sukulu, choncho mungafunse ku nthambi yake ya ku Lilongwe.

Ndikupemphaninso kuti nkhani ya makala muikambe mosamala. Ana ambiri amadya nsima yophikidwa pa mbaula, ndipo sibwino kuti achoke m'kalasi akuona ngati makolo awo ndi olakwa pa chinthu chimene alibe pogwira pena.

Mphunzitsi wa ku Area 25, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi majumbo aja sabata yamawa, ndipo za mpanda wa mbande ndikakambirana ndi aphunzitsi aakulu pamodzi ndi komiti ya makolo, popeza mbuzi zoyendayenda pasukulu pathu n'zambiri.