Kodi ndigule ma binoculars a £240 oonera mbalame m'mapaki a mu London?

Mayi a Tadala, Walthamstow

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene anagulapo zoonera patali. Kuyambira kumapeto kwa March, mitengo itayamba kuphukira, mbalame za kuno zikumaimba kusanache, ndipo pa masiku opuma ndimapita ku Walthamstow Wetlands, malo a madamu osungira madzi a mzinda uno amene anatsegulidwa kwa anthu onse mu 2017. Pa tizilumba ta m'madamumo akakowa amamanga zisa m'mitengo, koma ndi maso okha ndimangoona timadontho toyera. M'sitolo ina ndapeza ma binoculars olembedwa 8x42 pa mtengo wa £240, ndipo bambo a kunyumba akuti ndalama imeneyo ndi yotumiza kumudzi, si yokaonera mbalame zimene sitidzadya n'komwe. Kodi mtengo umenewu ndi woyenera, kapena ndingosiya?

Bambo a Yamikani, Luton

Mayi, musayerekeze. Ine ndinagula anga pa intaneti pa £35, ndipo wogulitsayo analemba kuti amakuza chinthu ka 80 komanso amaona usiku. Atafika, magalasi ake anali ofiira psuu, chikwama chake chikununkha guluu, ndipo ndikayang'ana njiwa imodzi pa denga la aneba ndinkaona njiwa ziwiri, ina pamwamba pa inzake. Mphindi zochepa chabe mutu unkayamba kuwawa. Nditalemba kuti andibwezere ndalama, anandiuza kuti nditumize katunduyo kunja kwa dziko ndi ndalama zanga, ndipo pasanapite nthawi tsamba lawo linazimiririka. Malonda onsewa ndi akuba basi, kaya a £35 kaya a £240.

Mkulu wa ku Richmond

Achimwene a ku Luton, vuto si malondawo ayi, koma kukonda zotchipa. Pa 8x42 paja, nambala yoyamba imasonyeza kuti chinthu chikuzidwa kangati, pamene yachiwiri ndi kukula kwa galasi la kutsogolo m'mamilimita, ndipo palibe munthu amene angagwire m'manja chinthu chokuza ka 80 popanda chithunzi kunjenjemera. Ine ndimagwiritsa ntchito Swarovski, amene ndinawagula pa ndalama zoposa £2,000, ndipo sindinadandaulepo. Ku London Wetland Centre ku Barnes ndinaona kingfisher itatera pa bango tsidya lina la dziwe, nthenga za pamsana zikuwala buluu, kansomba kali kukamwa, mpaka ndinaona mmene inakamenyetsera pa bangopo isanakameze. Azungu amene anali pambali panga anachita kupempha kuti aoneko. Chilichonse chosafika £1,000 ndi choseweretsa ana.

Nabanda, Croydon

Akulu, mayiwa afunsa za £240, sanafunse za chuma chanu.

Mphunzitsi wa ku Leeds

Ine ndikuona kuti nonse mwayambira polakwika. Mu April ndi May masamba amakhala atadzaza m'mitengo, ndipo timbalame tambiri timene timafika nthawi imeneyi, monga chiffchaff ndi blackcap, timamveka kwambiri kuposa mmene timaonekera. Musanawononge ndalama, ikani pa foni yanu Merlin Bird ID, pulogalamu yaulere ya Cornell Lab of Ornithology ya ku America, imene imamvetsera kulira kwa mbalame n'kukuuzani dzina lake. Nthawi zina imalakwitsa, makamaka pamene pali phokoso la magalimoto, koma imaphunzitsa khutu. Mukadziwa kuti mbalame ili m'chitsamba chiti, ngakhale zoonera zotchipa zimakwanira. Anga ndinawapeza m'sitolo ya katundu wogwiritsidwapo kale ntchito pa £25, ndi a 8x30 akalekale, ndipo akugwirabe ntchito. Chimodzi chokha ndikupempheni: musamaliziritse nyimbo za mbalame pa foni pofuna kuzikopa, chifukwa nyengo ino zili pa mazira, ndipo yaimuna imasiya chisa n'kumathamangitsa mdani amene kulibe. Kuno lamulo la 1981 limaletsanso kuwononga chisa chimene mbalame ikuchigwiritsa ntchito.

Mkulu wa ku Richmond

Aphunzitsi, a £25 amenewo akanyowa ndi mvula ya kuno amachita nkhungu m'kati, ndipo simungawapukute. Komanso mayiwa asagule 8x42, agule 10x42, chifukwa pa madamu mbalame zimakhala kutali.

Mphunzitsi wa ku Leeds

A 10x42 amaonetsa malo ochepa ndipo amanjenjemera m'manja mwa munthu wongoyamba kumene, choncho kambalame kamauluka iye akadali kukasakasaka. A 8x42 ndiwo abwino m'paki.

Agogo a ku Didsbury

Ana anga, mukukangana za magalasi, koma funso langa ndi lakuti mudzaona chiyani mbalamezo zikatha. Pafupi ndi kwathu kuno ku Manchester pali paki ya Fletcher Moss, pamene mayi wina dzina lake Emily Williamson anayambitsa mu 1889 bungwe losamalira mbalame limene lero ndi RSPB, pokwiya ndi kuphedwa kwa mbalame kuti nthenga zake zikakongoletse zipewa za amayi. Vuto la masiku ano ndi lina. Mbalame zotchedwa swift, zimene zimafika kuchokera ku Africa kumayambiriro kwa May n'kubwerera mu August, zinaikidwa mu 2021 pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zikuchepa modetsa nkhawa m'dziko muno. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti zimamanga zisa m'mipata ya pansi pa madenga, ndipo anthu akamakonza nyumba zakale amatseka mipata yonse, moti mbalame imauluka ulendo wonsewo n'kudzapeza khomo lake latsekedwa ndi simenti. Ndikanakhala inu, mayi a Tadala, ndikanagula zoonera za £100, ndalama yotsalayo n'kulipira umembala wa bungwe losamalira mbalame ndi kugula kabokosi koika pansi pa denga koti mbalamezi zizimangamo chisa. Ine umembala ndimalipira pafupifupi £5 pa mwezi. 

Nabanda, Croydon

Agogo, £5 imeneyo ndi mtengo wakale, chifukwa ine anandiuza wokwererapo. Ndipo kabokosiko mukakakhoma pa nyumba ya lendi, mukambirana bwanji ndi mwini nyumba? Kunena zoona ine sindikuona chifukwa chogulira chilichonse. Ku St James's Park kuli mavuwo amene akhala akusungidwa kumeneko kuyambira mu 1664, pamene kazembe wa dziko la Russia anapereka oyambawo kwa mfumu, ndipo amakhala pa benchi limodzi ndi anthu. Zinkhwe zobiriwira zija zadzaza mu London monse ndipo zimatera pa dzanja. Ku Walthamstow mukulipira kale polowa, ndiye muwonjezerenso £240?

Mayi a Tadala, Walthamstow

Achemwali, ku Walthamstow kulowa ndi ulere. Kolipira ndi ku Barnes kumene amapita akulu aja.

Achimwene a ku Zomba

Ndawerenga zonsezi ndili kuno kumudzi ndipo ndaseka kwambiri, pakuti ife tinakula tikuyang'ana mbalame ndi diso limodzi, lina titatsinzina pa legeni. Komabe agogo a ku Didsbury akunena zoona. Ku Nyanja ya Chilwa, imene inalembedwa mu 1997 ngati dambo lofunika pa dziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar, mbalame za m'madzi zimakoledwa zambirimbiri, makamaka nsomba zikasowa, ndipo simungamuuze bambo wa ana asanu kuti asiye misampha popanda kumupatsa china chodyera. Anamzeze a ku Ulaya amene mukuwadikira inu mu April, ife timawalandira mvula ikamayandikira. Ndinawerenga kuti namzeze wina amene anavekedwa kamphete ku Staffordshire ku England mu 1911 anapezeka ku Natal ku South Africa mu 1912, ndiye kuti mbalamezi ndi za tonse. Mayi, gulani, ndipo mukadzabwera ku tchuthi mudzawasiye kuno, chifukwa ana a m'makalabu a zachilengedwe m'masukulu athu ambiri sanagwirepo chipangizo chotere.

Mkulu wa ku Richmond

Ine ku Liwonde ndinapita nawo Swarovski anga, ndipo woyendetsa boti anavomereza kuti sanaonepo nkhwazi bwino chonchi.

Mayi a Tadala, Walthamstow

Zikomo nonse. Pulogalamu ija ndaiika, ndipo m'mawa uno yandiuza kuti amene amandidzutsa pa zenera ndi blackbird ndi robin. Bambo a kunyumba avomera £120 yokha, ndipo m'sitolo muja akuti pa ndalama imeneyo alipo a 8x32 osalowa madzi, koma nditawayesa pa khomo ndinaona kuti a £240 aja akuwala bwino kwambiri. Ndiye sindinagule chilichonse. Kodi alipo wa kuno kum'mawa kwa London amene angandibwereke ake Loweruka likubwerali, akakowa asanaulutse ana awo?

Bambo a Yamikani, Luton

Mayi, anga aja ndikhoza kukugulitsani pa £20, ndipo chikwama chake ndikupatsani chaulere.