Makamera oona zipewa pa saiti: akutiteteza kapena akutizonda?

Mmisiri_waku_Ntcheu:
Abale, ndimamanga ku Cape Town, chino ndi chaka chachinayi. Mwezi watha abwana aika makamera pa kreni ndi m'makona a saiti, akuti ali ndi AI, nzeru zamakompyuta zija. Ukangovula chipewa, ngakhale kungofuna kupukuta thukuta, foni ya kapitawo yalira kale, chithunzi chako chili pomwepo. Lachiwiri andiitanira ku ofesi nkhani yomweyi. Chonditsitsa mtima n'choti thabwa lomwe ndinaimapo pa sikafodi linali logwedera chiyambire m'mawa, kamera ili duu. Odziwanu, zinthuzi zimagwira bwanji ntchito?

NaPhiri_wa_makompyuta:
Achimwene, kamerayo ilibe nzeru zakezake. Anthu amasonkhanitsa zithunzi masauzande za pa saiti n'kumalemba chimodzichimodzi: uyu wavala chipewa, uyu sanavale, uyu waima m'mphepete. Kompyuta imaphunzirira pamenepo, basi. Chomwe sanaionetse siingachizindikire, n'chifukwa chake thabwa lanulo inangolidutsa. Fumbi la simenti kapena dzuwa likawomba pagalasi imasokonezekanso. Ku America a Smartvid.io anapanga pulogalamu yotere n'kuitcha Vinnie, ndipo a Suffolk, omanga a ku Boston, ankaigwiritsa ntchito pofuna kudziwiratu saiti yomwe ingachitikire ngozi. Kumeneko n'komwe ine ndimaona phindu lake, osati kugwira munthu wopukuta thukuta.

Madala_Chekucheku:
Mphwanga, ine ndagwira njerwa zaka zambiri kuno ku Joni. Kumbukira ku George, tauni ya kuno ku Joni, pa 6 Meyi 2024. Nyumba ya nsanjika zisanu inagwa isanathe, anthu 34 anapita, ena mwa iwo ana akwathu. Ming'alu inali itaonekera kale ndi maso enieni, anthu n'kumangomata. Pamenepo chipewa chikanatani? Andionetse kamera yoyeza konkire wosakanizidwa mwachinyengo, ndiwomba m'manja.

Mayi_wa_Sefute:
Madala, pa George sinditsutsa. Koma kamerayi musaipeputse. Ine woona za chitetezo ndili ndekha pa saiti ya anthu ambirimbiri, maso awiri okha. Sabata yatha inandichenjeza za mnyamata yemwe anaima kumbuyo kwa thiraki ikubwerera m'mbuyo, ndinakuwa pa wailesi dalaivala n'kuima. Pomwe yathuyi imandinamiza ndi pa lamba: imaona kuti munthu wavala, koma ngati wakoleka ngowe pachitsulo kapena ikungolendewera kumsana, siidziwa.

A Ntcheu, thabwalo kalembetseni. Malamulo a zomangamanga a 2014 a kuno ku South Africa amafuna kuti kontilakita akhale ndi ndondomeko yoteteza anthu kugwa, ndiye si kupempha chifundo ayi. Mufunsenso kuti zithunzi zanuzo amasunga kuti ndipo amaona ndani. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za munthu, limakulolani kufunsa.

Mmisiri_waku_Ntcheu:
Zikomo amayi. Thabwa ndalijambula ndi foni yanga, mawa m'mawa ndikalionetsa pamsonkhano tisanakwere. Za zithunzizo ndikafunsa Lachisanu ndikalandira kaye malipiro, mukudziwa kale mmene zimakhalira kuno.