Abwana akuti ndilembe kuti penti yathu ndi yolimba kuposa chitsulo ka 200, nditani?

Admin chonde ndibiseni dzina, muno ondidziwa ndi ambiri.

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndinaphunzira chemistry ku Chanco kenako ndinadzapitiriza ku Wits. Panopa ndili pa kampani ina cha ku Germiston, yopanga penti yoteteza zitsulo ku dzimbiri. Mu labu sindikhalamo. Anyamata akayeza zinthu amandipatsa manambala, ine n'kuwasandutsa timabuku totsatsira malonda, ma data sheet ndi nkhani za pa intaneti, zoti wogula akawerenga amve. Amayi ku Ntcheu amangoti ndine kalaliki, ndinatopa kuwafotokozera.

Tatulutsa penti yatsopano yothira kaufa pang'ono ka graphene. Kwa amene simukuidziwa, ndi kaboni yemwe uja wa mkati mwa pensulo, kungoti ndi kagawo kopyapyala kwambiri, atomu imodzi yokha kuchindikala kwake. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anaipatula mu 2004 ku Manchester pomata graphite (kaboni wa m'pensulo uja) ndi selotepi n'kumamatula, mu 2010 n'kulandira nayo Nobel. Chiyambireni otsatsa malonda nyimbo yawo ndi imodzi, yoti ndi yolimba kuposa chitsulo ka 200. Sikuti anangopeka, koma amanena za kachidutswa kangwiro koyezedwa mu labu, kosaoneka ndi maso. Kutsira nsinjiro mu mpiru sikusandutsa ndiwozo chiponde, pentinso ikhalabe penti.

Lachiwiri abwana a zamalonda anandibwezera pepala atalikhwatchakhwatcha ndi cholembera chofiira. Pamwamba aikapo 200 yawo ija, pansi awonjezera kuti imakhala zaka 20. Zaka 20 zachokera kuti? Ife tinachita mayeso a ASTM B117 okha: timapuleti tachitsulo topaka penti timatitsekera m'bokosi, n'kumafukizamo nkhungu ya madzi a mchere wa 5% pa madigiri 35. Tathu tinakhalamo maola 1,000, omwe sakwana n'komwe masiku 42. Tinatuluka bwino ndithu, ndinatigwira ndi manja angawa, dzimbiri linangoyenda pang'ono m'mbali mwa mzere umene amakanda dala ndi mpeni. Koma palibe masamu osandutsa maola a m'bokosi kukhala zaka. Chitsulo cha padoko ku Durban ndi cha ku mgodi ku Rustenburg sizidyeka mofanana.

Nditanena zimenezi anangoseka, amvekere aliyense amalemba choncho, ine anandilemba ntchito kuti ndigulitse, osati ndiphunzitse. Vuto ndi lakuti pemiti yanga yagona pa ntchito yomweyi, lendi ikudikira, fizi ikudikira. Pepalali likufunika Lolemba. Amene munakumanapo nazo zotere, munakana bwanji osaotcha ntchito?

Tchona wa ku Rosettenville:
Mwana wanga, wakwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Unalowa wekha ku zamalonda. Dzina lako sililembedwa pa kabukuko, lemba ulandire malipiro. Ife tinaona anthu akukwera basi pa Park Station ndi chikwama chimodzi chifukwa cha makani ndi bwana.

Injiniya wa ku Rustenburg:
Madala, ulemu wanu, koma apa mwamusokoneza mwanayu. Achemwali, ogula anuwo ndife. Kabuku kakafika pa desiki panga n'kuona 200 imeneyo, ndimadziwiratu kuti mwina alibe manambala, mwina akuwabisa. Ine ndimafuna kudziwa: mayeso ake ndi ati, maola angati, penti inachindikala ma micron angati, chitsulo munachikonza bwanji musanapake, labu ndi yanu kapena yovomerezedwa ndi SANAS, bungwe lovomereza ma labu kuno ku Joni. Koposa zonse, munayika pambali pake puleti ya penti yomweyo yopanda graphene? Chithunzi cha mapuleti awiriwo chingandigulitse msanga kuposa mawu alionse. Abwanawo musakawauze kuti ndi bodza, akauzeni kuti ma injiniya akatiseka.

Mlongo wa ku Randburg:
Ndiwonjezere za malamulo. Advertising Regulatory Board, bungwe loyang'anira zotsatsa malonda kuno, imafuna kuti chimene wanena potsatsa, ngati chili choyezeka, umboni wake ukhale nawo m'manja usanasindikize, ndipo ngakhale kampani yopikisana nanu ikhoza kukadandaula. Consumer Protection Act ya 2008, gawo 41, imaletsanso kunamiza ogula, ngakhale siteteza makampani akuluakulu monga migodi. Amenewo amangokutengerani kukhoti ndi kabuku komweko. Ndiye musakangane pakamwa. Lembani imelo yaulemu yopempha lipoti limene likuikira kumbuyo zaka 20, mkulu wa labu aionenso. Nkhaniyo ichoke pa inu ipite pa pepala.

Mnyamata wa ku Tembisa:
Zakuya izi, ine zandipitirira. Koma sisi pentiyo ingagwire pa malata? Nyumba ya madala kwathu ku Mangochi yafiira ngati dothi la katondo.

Mwini funso:
Zikomo nonse, ndi inu madala ndakumvani, mantha anuwo ndi omwe akundisowetsa tulo. Achimwene a ku Rustenburg mwandikumbutsa, puleti yopanda graphene inalimo m'bokosi muja, zithunzi zili mu kompyuta ya ku labu, ine sindinazipemphe n'komwe. Mawa m'mamawa ndikaziona, ndiye imelo ija ipite. Chikundiopsa n'chimodzi: nanga ndikakapeza kuti mapuleti awiriwo sakusiyana? Iwe wa ku Tembisa, ya malata ilipo yotchipa mu hadiweya, yathuyi mtengo wake ungagule malata atsopano.

Injiniya wa ku Rustenburg:
Akakhala osasiyana mubwerenso muno achemwali, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ofunika kuyankha ndi a mu labu, osati inu.